Miyendo Kum'mawa

Chaka chimene nyenyezi ya mchira inaoneka ku Massachusetts, Eliphalet Crane, mmisiri wa matabwa, tulo tinamuthawa. Abusa anali atalalikira kuti lipenga lomaliza lilira chimanga chisanache. Akufa adzadzuka monga anawagonekera, miyendo kum'mawa, nkhope kuyang'ana Ambuye amene adzatulukira kumeneko.

Apa ndiye panagona nkhani. Bokosi la maliro a mkazi wake Mehitabel anakhoma yekha, misozi ili chuchuchu, ndipo linatuluka lofanana uku ndi uku. Analitsitsa m'manda chipale chofewa chikuwaza m'maso. Nanga mutu unaloza kuti? Sankakumbuka, ndipo kufunsa ankachita nako manyazi.

Madzulo ena akutafuna nyemba zake zozizira, anamva kugogoda. Anatsegula.

Pakhomo panaima mzimayi wofunda nsalu ya maliro, atamufulatira.

"Bambo," mawuwo anali a Mehitabel enieni, "anzanga onse ayang'ana kowala. Ine ndikuona mdima wokhawokha."

Eliphalet anazungulira kuti amuone nkhope. Anapeza msana. Anazunguliranso. Msana womwewo. Kenako zii, pakhomo panalibe munthu.

Mantha anamugwira, koma chisoni chinaposa. Anatenga piki ndi fosholo, ulendo kumanda. Dothi linali gwa ndi chisanu. Anakumba mpaka zikhatho kutuluka magazi, nalikoka bokosilo yekhayekha, kulitembenuza, n'kukwiriranso.

"Yang'ana kowala tsopano, mkazi wanga."

Kukucha, Jabez Tilden woyang'anira manda anamupeza atakhala pamtumbira, matope thupi lonse.

"Mbale Crane! Mutu ukuyenda bwino? Wachita chiyani pano?"

"Ndamutembenuza. Tinamuika chofulatira."

Jabez anagwira pakamwa. "Munthu iwe, kufunsa kunakuvuta chiyani? Kumutu ndinanyamula ndine, ndinakhoma ndi kamsomali kuti tisasokoneze. Tinamugoneka bwinobwino!"

Eliphalet analumphira fosholo kuti akumbenso, koma amuna anayi amene anamva phokosolo anathamangirako n'kumugwira. Akuluakulu a mudzi anamukwapula pa mlandu wofukula manda, n'kumupitikitsira kutsidya kwa mtsinje. Mandawo anawayala miyala ikuluikulu, nalamula kuti aliyense wowakhudzanso adzaona polekera.

Amayi pachitsime ankanong'onezana kuti wogogoda uja sanali Mehitabel ayi. Anali uja sitimutchula dzina, amene amangofuna mmodzi yekha adzafulatire Ambuye tsiku lomalizalo.

Nyenyezi ija inapitiriza kuyaka. Mudzi wonse unkapemphera kuti Ambuye abwere msanga. Kutsidya kokha, m'kachisakasa kake, Eliphalet ankagwada usiku uliwonse akulira.

"Musabwere lero, Ambuye. Chonde, musabwere lero."