Chipinda Chimene Chinalowa mu Kamera ya Telala

Telala uja anaika kamera moyang'ana mashini ake osokera, kuti akaweruka aziona shopu pa foni ali kunyumba. Koma usiku umene mkazi wake anatsegula foniyo, mashini sanaoneke. Panali bedi, katani ikugwedezeka pang'onopang'ono, ndi mkazi atakhala chofulatira, akupesa tsitsi.

"Amayi, taonani shopu ya mwana wanu," mkazi wa telalayo ananong'oneza apongozi ake. "Masiku ano akusoka zimenezi."

Mayiwo anayang'anitsitsa. Mwana wawo ankamudziwa: ulesi anali nawo, pakamwa anali napo, koma chibwenzi chimafuna khama. Telalayo analumbira kuti mkazi wa m'foniyo sakumudziwa, mpaka mawu kusasa. Kutacha anapita onse kushopu, n'kupeza mashini, ulusi ndi fumbi basi. Kutada mkazi uja anaonekanso, chipeso chikumveka m'foni, khwe, khwe. Ena pamzere wa nyumbazo ankati n'chibwenzi, ena ankati ndi mzukwa. Mpongozi wawo, mkazi wa telalayo, anayamba kulongedza zovala za ana.

Mayiwo anaitanitsa mwana wa mng'ono wawo, wogwira ntchito kukampani ya intaneti, yemwe anamuyamwitsa amake atadwala, iye n'kukula osapereka ndi moni yemwe.

"Iwe, mkaka wanga uja ubweze lero. Banja likutha ili."

Mwanayo anafika madzulo, n'kuona foni, n'kuseka. "Amayi aakulu, nambala imene foni imapezera kamera si ya achimwene. Ndi ya kampani, timangobwereketsa. Magetsi akathima, kabokosi ka intaneti n'kuyakanso, nambala ija timapatsa wina, inu mumalandira ina. Yosasintha mumachita kupempha. Alamuwa akugogoda pakhomo la eni ake, ndipo kamera yawo n'chimodzimodzi yanu. Nonse simunasinthe nambala yachinsinsi imene inabwera nayo."

"Ndiye mkaziyu ali kuti?" anafunsa mpongozi.

"Pafupi. Nambala timazigawa m'magulu, gulu lililonse dera lake. Iyi ndi ya misewu yomwe ino."

"Mawu sagoneka munthu tulo," anatero mayiwo. "Funsa kuntchito kwako, khomo lake ndi liti."

Mwana uja anatuluka panja kukaimba foni. Anachedwa. Atabwera anaitanira mayiwo pakhonde, kuseka kuja kutatheratu.

"Nambalayi sinapatsidwe kwa aliyense," ananong'ona. "Ili m'gulu losungidwa. Palibe waya, palibe nyumba."

"Wauza ndani?"

"Inu nokha."

"Zithere pomwepo."

Mayiwo analowa m'nyumba. Foni inali patebulo, ndipo mkazi uja anali atayamba kutembenuza khosi. Mayiwo anaitola foniyo msanga, n'kuipisa m'thumba la diresi.

"Apongozi, mkaziyu ndi wa kuseri kwa chigayo, mwamuna wake ndi dalaivala. Masulani katunduyo, ana agone."

Mpongozi anapuma mwamphamvu, n'kugwira mwamuna wake paphewa. Mayiwo anatseka chitseko cha kuchipinda kwawo, foni ikutentha pantchafu, ndipo nyali sanathimitse.