Uta Umene Unakana Kuthyoka

Bhogendra anaona zachilendozo Lachiwiri m'mawa, atapita kukachisi kukapaka utoto uta wa sewero. Chaka ndi chaka mudzi wawo unkasewera nkhani ya uta wa mulungu Shiva, uja mafumu onse analephera kuunyamula mpaka kalonga woyenera anauthyola n'kukwatira mwana wa mfumu. Wosema utawo anali Bhogendra, ndipo chinsinsi cha ntchitoyo anachilandira kwa bambo ake: umacheka ndi sowo pakati pa chogwirira n'kukulungapo nsalu yofiira, kuti wosewera ngati kalonga akangopinda, uthyoke. Iye anacheka Lolemba madzulo. Tsopano atamasula nsaluyo anapeza mtengo uli see, wopanda ngakhale kachipsera, ngati sanaucheke n'komwe.

Chaka chimenecho kalonga anali Dhirendra, mwana wa mwini chigayo cha mpunga, mnyamata wamimba kuposa mapewa, yemwe ankayembekezeka kukwatira Sulekha, mwana yekhayo wa Bhogendra. Aliyense ankadziwa kuti uta ukakana kuthyoka m'manja mwa mkwati, akwawo adzati milungu yakana ukwatiwo.

Bhogendra anachekanso madzulo ake, koma kutacha balalo linali litapolanso. Wansembe wa pakachisipo anamunong'oneza kuti pakati pa usiku, nkhandwe zitasiya kulira, anamva zibangili zikuwombana m'kachisimo ndiponso fungo la utomoni wotentha. Nkhani yonong'ona sichedwa kumera miyendo. Pofika masana amayi kuchitsime ankati mulungu wamkazi akuyenda yekha usiku kudzasamalira uta wa mwamuna wake.

Usiku wachitatu Bhogendra anachekanso n'kubisala kuseri kwa ng'oma yaikulu. Nkhungu inalowa pansi pa chitseko, yozizira mpaka m'mafupa, ndipo mdima unali woti sankaona ngakhale dzanja lake. Kutali njati inafwenthera. Kenako anamva zibangili, pang'onopang'ono, zikukwera masitepe. Kanyali kanayaka, ndipo m'kuwalako anaona nkhope ya Sulekha, atanyamula kamphika ka utomoni wosakaniza ndi utuchi wa m'nyumba mwawo momwe. Mantha anasanduka mkwiyo.

"Iwe mwana, ukufuna mudzi wonse undiseke?" anatero monong'ona, atamugwira pamkono.

"Bambo, paja munkandiuza kuti utawu unasankha wokha mwamuna woyenera," Sulekha anayankha motsitsa mawu. "Nanga mukuuchekeranji?"

Anawauza kuti anaona ndi maso ake Dhirendra akumenya mlamu wake wamasiye ndi chikuni kuseri kwa chigayo. Bhogendra anamva, ndipo mumtima anadziwa kuti mwanayo sakunama, koma manyazi obweza mawu kwa anthu achuma anamuposa mphamvu. Anamutsekera m'chipinda n'kumanga kiyi m'khosi. Atabwerera kukachisi anapala utomoni wonse, n'kucheka mpaka kungotsala kamtengo kopyapyala ngati chikhadabo. Anachezera atakhala pansi, uta uli pamiyendo, ndipo palibe chinayenda usikuwo.

Tsiku la sewero bwalo linadzaza. Mafumu onamizira anabuula ndi kugwa chagada monga mwa mwambo, ana n'kumafa ndi phwete. Dhirendra analowa atapakidwa utoto wobiriwira, ananyamula uta n'kupinda. Uta uli chete. Anauika pabondo n'kukanikiza mpaka thukuta linasungunula utoto kumaso. Anauponda ndi mapazi onse awiri. Oimba ng'oma anasiya mmodzimmodzi. Mayi a Dhirendra anafunda nsalu kumutu n'kutuluka, abale awo akutsatira pambuyo. Dzuwa lisanalowe anali atatuma munthu kudzanena kuti za ukwati zatha.

Bhogendra anatengera utawo kunyumba paphewa. Anauponya pakhonde n'kukatsekula chipinda chija. Loko anali mmene anamusiyira. Sulekha anatuluka maso atatupa n'kutenga tsache chifukwa pakhonde panali utuchi wambiri. Atafika pamene panali uta anawerama kuti ausunthe ndi dzanja limodzi, kuti asese pansi pake.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati ka phesi louma. Nsalu yofiira inamasuka, ndipo uta wa Shiva unagwa zidutswa ziwiri pamapazi a mtsikanayo, pomwe paja bambo ake anacheka.