Fungo la Sopo

Tsiku limene mkazi wa telala wina analandira kalata yoti akachite digiri yachiwiri, yofufuza za poizoni wa m'mankhwala opopera mbewu, telalayo sanagwire ntchito. Anangozungulira mashopu a anzake kuonetsa kalatayo. Jekete loyera la mu labotale anamusokera yekha, ndipo kuseri kwa kolala anapetako kamtima ndi ulusi wofiira.

"Mayi a mwana, mkanjo wa tsiku lolandira digiri ndidzasokanso ine," anatero.

Chaka choyamba chinali cha nseko. Koma jekete lija silinkabwera kunyumba, ndipo mkaziyo ankafika atasamba kale, akununkhira sopo wachilendo.

"Achimwene," anatero kasitomala wina akuyesa thalauza, "mkazi wosamba kuntchito amakhala akutsuka chiyani?"

Anthu anaseka, nayenso anaseka, koma mawuwo anamulowa ngati singano.

"Mumasambiranji kumeneko?" anafunsa mkazi wake atafika kunyumba.

"Ndi lamulo, bambo a mwana. Mukufuna ndimunyamule mwanayu ndi poizoni m'thupi?"

"Nanga mnzanu wamagalasi uja, amene mumadzitsekera naye m'chipinda?"

"Palibe amaloledwa kugwira poizoni ali yekha. Wina akavulala, mnzake amuthandize. Bwerani mudzaone nokha!"

Sanapite kukaona. Nsanje njoipa, abale. Ikamva zoona imati ndi bodza lophika bwino.

Anapitako patatha miyezi iwiri, masana, osauza munthu, sizasi ili m'thumba. Atasuzumira pagalasi la chitseko anaona mkazi wake ataweramira pa sinki, mwamuna wamagalasi uja atamugwira nkhope ndi manja onse awiri. Telala sanafunse. Anakankha chitseko n'kubaya mwamunayo pakhosi ndi sizasi ija. Mpope unali ukutulutsabe madzi.

"Diso langa! Amanditsuka diso!" anakuwa mkaziyo.

Dontho la mankhwala linali litamuthovukira m'diso, ndipo disolo limafunika kutsukidwa mphindi khumi ndi zisanu osalekeza. Zinali zitangokwana zitatu. M'malo mopitiriza kusamba m'diso, mkaziyo anagwada kutseka bala la mnzake ndi jekete lija. Mnzakeyo anafera m'manja mwake, akuluakulu a pasukulupo anatseka kafukufukuyo, ndipo disolo silinaonenso.

Kukhoti anatambasula jeketelo ngati umboni. Telala anaona kamtima kake kuseri kwa kolala, ndipo sanadzutsenso mutu mpaka woweruza atanena kuti akakhale kundende zaka makumi awiri. Manyazi anaposa mantha, anangolakalaka nthaka itang'ambika.

Mkazi wake anamuyendera kamodzi kokha, diso lamanzere litayera.

"Mwana akufunsa kuti diso langa linatani," anatero.

"Mwamuuza chiyani?"

"Ndati ndi poizoni. Sindinamuuze kuti poizoni wake uti."

Lero telala amasoka mayunifolomu a akaidi anzake. Chimene chikanamupulumutsa sichinali chapatali: anaitanidwa kuti akaone, iye anasankha kumvera munthu amene anangobwera kudzayesa thalauza.