Makata a pa Khonde

Angella anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo kunali ku Muloza, pafupi ndi malire. Sukulu anali atatsekera. Angella ankafuna mnzake wosewera naye.

Lolemba m'mawa, njinga inaima pakhomo. Anali amalume a Dario ochokera ku Milange, kutsidya kwa malire. Kumbuyo kwa njinga kunali kamtsikana. Kanali katafungatira kachikwama kofiira. Ameneyo anali Ernestina, msuweni wa Angella. Iye anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Achemwali, mlamu wanu ali kuchipatala," anatero amalume. "Akudikira mwana. Ine ndimalawirira ku ntchito. Ernestina akhale kuno sabata ino."

"Akhale, achimwene. Pano ndi pawo," anayankha amayi a Angella.

Amalume anakwera njinga. Ernestina anaiyang'ana njingayo mpaka inakhota.

Angella anakondwa. Anatulutsa mpira wake. Ernestina sanaugwire. Anatulutsa miyala ya phada. Ernestina anangoiyang'ana.

Nthawi ya nkhomaliro inakwana. Abambo a Angella anabwera. Iwo ankapalasa kabaza pa Muloza. Anatsamiritsa njinga pakhoma n'kulowa m'nyumba.

Nkhomaliro inali ndi malamulo ake. Aliyense asambe m'manja. Abambo apemphere. Aliyense akhale pamalo pake. Aliyense ndi mbale yake. Palibe kuimirira. Palibe kusewera. Chomwe wagawiridwa, umalize.

Tsiku limenelo amayi anapha nkhuku. Anaphikanso mpunga. Ntchafu yonse anamupatsa mlendo.

"Idya, mwanawe," anatero amayi.

"Idya, ukule," anatero abambo.

"Idya, Ernestina," anateronso Angella.

Maso onse anali pa Ernestina. Ernestina anayang'ana pansi. Anadya supuni imodzi. Kenako anakankha mbale pang'onopang'ono.

Masana onse Ernestina anagona. Pa mgonero sanadye. M'mawa phala lake linazizirira m'mbale.

Amayi anada nkhawa. Anaitanira abambo kuseri kwa nyumba. Angella ankatsuka makapu pomwepo. Anamva zonse.

"Mwanayu adwala," anatero amayi. "Akapanda kudya lero, mawa mumubweze ku Milange."

"Nanga kumeneko akakhala ndi ndani?" anafunsa abambo.

"Kaya. Koma sitingasunge mwana wa eni ndi njala."

Angella anaika kapu pansi. Anaimirira.

"Musamubweze," anatero. "Ndisiyireni ine. Lero adya."

"Iweyo?" anafunsa abambo.

"Ineyo, ababa."

Pa nkhomaliro, Angella anakhala pafupi ndi Ernestina. Anatenga supuni. Anatapa mpunga.

"Tsegula pakamwa," anatero.

Ernestina anatseka pakamwa.

"Tsegula pang'ono chabe."

Amayi ankayang'ana. Abambo ankayang'ana. Misozi inalengeza m'maso mwa Ernestina. Anaimirira n'kutuluka. Anakakhala pakona ya khonde. Anafungatira kachikwama kake.

Abambo anayang'ana Angella.

"Dzuwa silinalowe, ababa," anatero Angella.

Angella anapita pansi pa mtengo wa mapeyala. Anakhala pamuzu. Anaganiza. Anaganizanso.

Anakumbukira tsiku lina. Tsikulo anakadya kunyumba kwa abusa. Chakudya chinali chokoma. Koma akuluakulu onse ankamuyang'ana. Chakudya chinkakana kutsika pakhosi.

"Maso," anatero Angella chamumtima. "Vuto ndi maso."

Nanga ndi nthawi iti yomwe anthu sayang'anana? Angella anamwetulira. Nthawiyo ankaidziwa bwino. Inali folo koloko, nthawi ya zotolatola.

Nthawi ya zotolatola inali ina. Sankadyera m'nyumba. Ankadyera pakhonde. Panalibe mbale ya uyu ndi mbale ya uyo. Pankakhala lichero limodzi pakati. Wofuna zambiri ankatenga zambiri. Wofuna pang'ono ankatenga pang'ono. Unkatha kuchoka n'kubweranso. Unkatha kuseka. Lamulo linali limodzi basi: kusamba m'manja.

Angella anathamangira kwa amayi.

"Amayi, lero tiphike makata."

Makata ndi nandolo wamuwisi. Amaphikidwa ndi makoko ake omwe. Amathira kamchere pang'ono.

"Makata? Mwana wakana nkhuku, adya makata?" anafunsa amayi.

"Adya. Koma wina asanene kuti idya."

"Ndamva."

"Wina asamuyang'ane."

"Nanga ndiziyang'ana kuti?"

"Muziyang'ana phiri."

Amayi anaseka. Anatenga dengu. Awiriwo anapita kumunda wa kuseri. Anathyola nandolo. Anadulanso chinanazi chimodzi chakupsa.

Folo koloko inakwana. Abambo anabwera kudzapuma. Angella anawachingamira pamsewu.

"Ababa, musanene kuti idya. Musamuyang'ane."

"Chabwino, bwana," anatero abambo.

Amayi anabweretsa lichero. Mbali ina kunali makata. Mbali ina kunali chinanazi chodulidwadulidwa. Analiika pakhonde. Onse anasamba m'manja.

Angella anatenga beseni la madzi. Analiika pafupi ndi Ernestina.  Anakankhira lichero chakukona. Anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

Amayi anayang'ana phiri. Abambo anayang'ana tayala la njinga. Angella anayang'ana lichero.

Angella anatola khoko limodzi. Analitsegula. Anawerenga njere mokweza.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Langa lili ndi zinayi."

Anaziponya m'kamwa.

Abambo anatola lawo. "Imodzi, ziwiri, zitatu. Aa, ine ndaluza."

Amayi anatola lawo. "Zinayi. Tafanana, Angella."

"Palibe wondiposa," anatero Angella. "Pa Muloza ponse pano, palibe."

Kukona kunamveka madzi. Ernestina ankasamba m'manja. Amayi anayang'anitsitsa phiri. Abambo anayang'anitsitsa tayala.

Kadzanja kanafika m'lichero. Kanafufuza. Kanasankha khoko lalitali.

"Zisanu," anatero Ernestina. Mawu ake anali aang'ono.

"Bodza," anatero Angella. "Tione."

Ernestina anatambasula dzanja. Njere zinalidi zisanu.

"Wapambana. Koma wopambana amabisa njere zake. Apo ayi ndilanda."

"Ndibise kuti?"

Angella analoza pakamwa pake.

Ernestina anayang'ana njere zija. Anayang'ana azakhali ake. Iwo ankayang'ana phiri. Anayang'ana abambo a Angella. Iwo ankayang'ana tayala. Ernestina anaponya njere m'kamwa. Anatafuna. Anameza.

Kenako anatola khoko lina.

"Zinayi," anatero.

Anatolanso lina. "Zisanu."

Anatolanso lina. Limeneli sanawerenge n'komwe.

Abambo anatsegula pakamwa. "Eya, mwana wabwino, id..."

Angella anawayang'ana. Abambo anakhosomola.

"Ndimati... tayalali laphwa," anatero.

Amayi anabisa nkhope m'chitenje. Mapewa awo ankagwedezeka. Angella anaseka. Ernestina naye anaseka.

Makoko anaunjikana pambali pa Ernestina. Anatenganso chinanazi. Madzi ake anayenderera mpaka pachigongono. Ananyambita dzanja. Palibe anamuletsa.

"Kwathu timati lanshi," anatero Ernestina.

"Lanchi tadya kale masana," anatero Angella.

"Ayi. Lanshi ndi tomwe tikudyati. Timadya ndi Mama pakhomo."

Atatchula Mama, Ernestina anasiya kutola makata. Angella anasendera pafupi.

"Wawasowa?"

Ernestina anagwedeza mutu. "Kwathu ndimadya mbale imodzi ndi Mama. Kuno mbale yanga ili yokha."

Amayi anasiya kuyang'ana phiri.

"Azakhali," anatero Ernestina, "kodi Mama akudya kuchipatalako?"

"Tiye tiwafunse," anayankha amayi.

Abambo anatulutsa foni. Anaimba. Anampatsa Ernestina. Iye anaigwira ndi manja awiri.

"Mama, mwadya?"

"Ndadya, mwanangu," anatero mawu a mufoni. "Ndadya mpunga wa nyemba. Nanga iwe?"

"Ndadya makata. Ndamupambana Angella."

"Kawiri kokha," anatero Angella.

Foni itatha, Ernestina anatambasulanso dzanja. Koma amayi ananyamula lichero.

"Basi kaye," anatero. "Zotolatola sizidzaza mimba yonse. Siyani malo a mgonero."

Dzuwa linapendeka. Nthawi ya mgonero inakwana. Malamulo aja anabwerera. Aliyense anasamba m'manja. Abambo anapemphera. Aliyense anakhala pamalo pake.

Amayi anatenga mbale zinayi.

"Zitatu zikwana, amayi," anatero Angella. "Ine ndi Ernestina tidya imodzi."

Amayi anayang'ana abambo. Abambo anavomera ndi mutu. Amayi anabweza mbale imodzi. Anasankha yaikulu ya maluwa.

Angella anadya mbali iyi. Ernestina anadya mbali iyo. Anakumana pakati. Mbale inayera.

"Azakhali, msuzi ulipo?" anafunsa Ernestina.

"Ulipo wambiri," anayankha amayi.

Lachitatu Ernestina sanabwezedwe. Anasewera phada. Lachinayi anasewera mpira. Lachisanu anaphunzitsa Angella kuwerenga m'Chipwitikizi. Masiku onsewo anadya nkhomaliro. Anadya zotolatola. Anadya mgonero.

Loweruka masana, belu la njinga linalira. Anali amalume a Dario. Nkhope yawo inali yowala.

"Papa!" anafuula Ernestina.

Amalume anamunyamula. "Uli ndi mchimwene," anatero. "Dzina lake Noel. Mama ali bwino. Tiye ukamuone."

Amayi analulutira. Abambo anagwira amalume chanza. Angella anakondwa, komanso mtima unamuwawa pang'ono.

"Angella apite nafe," anatero Ernestina.

"Sabata yamawa tonse tibwera," anatero amayi. "Tikamuona mwana."

"Tenga chikwama chako tizipita," anatero amalume.

Ernestina anayang'ana kukhitchini. Kunkamveka fungo la mbatata yootcha.

"Dikirani kaye, Papa. Mwasamba m'manja?"

Amalume anayang'ana manja awo. Anali ndi fumbi la m'njira. Ernestina anathamanga kukatenga beseni. Angella anawathirira madzi.

Amalume anakhala pakhonde. Anavula nsapato. Ernestina ananyema mbatata yaikulu pakati. Theka anapatsa bambo ake. Theka linalo analikulunga m'tsamba la nthochi.

"Limenelo n'la ndani?" anafunsa Angella.

"La Noel."

"Noel alibe mano," anatero Angella.

Ernestina anaganiza pang'ono.

"Ndiye Mama amudyera," anatero.