Amene Anajambula Chithunzi cha pa Mlatho

Anakumana Lachiwiri m'mawa, m'kashopu ka makamera akale komwe mnyamatayo ankagwira ntchito ndi achemwali ake. Achemwaliwo ndiwo ankalandira makasitomala. Iye ankakhala kuseri kwa kauntala, patebulo lodzaza tizitsulo, kumasula malenzi ndi kupukuta nkhungu ya m'kati. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo msewu wonse unkangomutchula kuti Wamalenzi.

Mtsikanayo analowa ndi chikwama kumsana, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anati ndi woyeza misewu, ndipo mwezi uliwonse amakhala paulendo masabata awiri kapena atatu. Ankafuna lenzi yokoka zinthu zakutali, monga mbalame, mapiri ndi anthu ali tsidya la mtsinje. Koma ikhale yopepuka, poti msana wake unali kale ndi katundu wa kampani.

Wamalenzi anatulutsa malenzi atatu achitsulo, onse opangidwa iye asanabadwe. Kenako anatenga kasikelo ka kukhitchini n'kuyamba kuyeza imodziimodzi. Yaikulu, yolembedwa nambala ya 300, inapitirira kilo. Ya 200 inali theka lake. Ya 135 inali ngati kapu ya tiyi, yokwana m'dzanja.

Anafotokoza kuti yaikuluyo imakoka kutali zedi, koma lenzi yolemera siona dziko. Tsiku loyamba umaikoleka pakhosi, lachiwiri umaiika m'chikwama, lachitatu umaisiya m'chipinda chogona n'kumajambula ndi foni.

"Ndiye mwandisankhira kakang'onoka?" anafunsa mtsikanayo.

Wamalenzi anamuyankha kuti, "Sindinasankhe ine, achemwali. Wasankha ndi msana wanu."

Panali vuto limodzi. Malenzi akale salunjika okha ngati atsopano. Munthu umayenera kuzunguza mkombero wake ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka chimene ukufuna chioneke bwino. Mtsikanayo anaima pakhomo n'kujambula wotchi ya panyumba ya tsidya la msewu. Zithunzi khumi, zonse mbuu.

Anabweranso mawa lake. Anabweranso mkuja. Wamalenzi ankaima pambali pake, kumuuza kuti akanikize zigongono kunthiti, agwire mpweya, kenako adine. Zinamutengera masabata atatu kuti manambala a wotchi ija awerengeke.

"Iwe, sukulu yakeyi ndi yosatsekera?" anafunsa achemwali tsiku lina mtsikanayo atatuluka. "Ena amalandira digiri msanga kuposa pamenepa."

Pofika sabata yachitatuyo, "inu" anali atasanduka "iwe". Mnyamatayo ankamutchula Kambalame, chifukwa sankakhalitsa pamalo amodzi. Mtsikanayo ankamutchula Diso langa. Lenzi ija anangomupatsa ngati mphatso, m'kathumba kansalu ka pashopupo.

"Chokongola chilichonse chimene ndidzaone," analonjeza Kambalame, "iwe udzakhala woyamba kuchiona."

Ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu zinkayenda choncho. Foni ikalira, Wamalenzi ankasiya chilichonse. Nthawi zina chinkabwera chithunzi cha kakowa ali pamsana pa ng'ombe, nthawi zina cha amayi akuchapa kutsidya, pansi pake pali mawu. "Diso langa, wadya?" "Kuno kukuzizira, bwera undifunditse." Mnyamatayo anafika pouza achemwali ake kuti Kambalame akabwera ulendo uno, amufunsira ukwati.

Kenako kunabwera chithunzi cha pa mlatho.

Chinali cha Kambalame mwiniwake, thupi lonse, ataima pamlatho wosamalizidwa, tsitsi likuuluzika, akuseka mpaka mano a kumbuyo. Pansi pake analemba kuti: "Kambalame kako kakusowa."

Wamalenzi anasangalala kwa mphindi imodzi yathunthu. Mphindi yachiwiri, ntchito yake inamulowa m'maso.

Anakulitsa chithunzicho. Kuwala kwa pamadzi kumbuyo kwa mtsikanayo kunali timadontho ta makona asanu ndi limodzi. Ankatidziwa timadonthoto, poti tizitsulo ta m'kati mwa lenzi ija anatitsuka yekha. Ndiye kuti chinajambulidwa ndi mphatso yake. Koma ndi lenzi yotere munthu sungadzijambule potambasula mkono. Kuti thupi lonse likwane, wojambula ayenera kuima mapazi makumi awiri kutali. Ndipo nkhopeyo inaoneka bwino moti ukanatha kuwerenga nsidze.

Komanso kamera inali itamuyang'ana kuchokera m'mwamba pang'ono. Wojambulayo anali wamtali. Nanga kuseka kumeneko? Kodi munthu amasekera mwala woikapo kamera chonchi?

"Wakongola, Kambalame," analemba. Anadikira pang'ono kuti zisaoneke zachangu. "Wakujambula ndani?"

"Munthu wina wongodutsa."

Wongodutsa! Kambalame amene anavutika masabata atatu, lero akuti wongodutsa wangogwira n'kulasa nsidze?

Mnyamata wina akanangokwiya. Wamalenzi anafuna umboni. Mawa lake anatenga lenzi yofanana nayo, anaimika achemwali ake tsidya la msewu, n'kuyamba kupempha anthu odutsa kuti awajambule. Anapempha wonyamula makalata, amayi awiri ochokera kumsika, mphunzitsi, ngakhale wapolisi. Anthu khumi, zithunzi khumi. M'zonsezo achemwali ankaoneka ngati mzukwa uli m'utsi.

Achemwali anabwerera m'shopu akupukuta thukuta. Anati iwo anaonapo nsanje yamitundumitundu, yolira, yomenya, yofufuza m'foni, koma nsanje yochita kafukufuku pamsewu anali asanaionepo. Anamuuza kuti asiye kuwotcha abale ake padzuwa, amufunse mwiniwake bwinobwino.

Anamufunsadi, ndipo yankho linabwera ngati mbama.

"Ine ndikukutumizira nkhope yanga, iwe ukuyang'ana kumbuyo kwa kamera? Ngati sundikhulupirira, nena."

Wamalenzi anachita manyazi. Anapepesa kawiri, anatumiza timitima, analonjeza kuti sadzafunsanso. Anadziuza kuti mwina padziko pano alipo anthu odutsa aluso. Koma tsiku lililonse, akangomaliza lenzi imodzi, ankatsegulanso chithunzi chija. Sankayang'ananso Kambalame. Ankayang'ana malo amene munthu wosaonekayo anaima, kumuyeza msinkhu, kudana ndi zala zake zosanjenjemera.

Lachisanu masana m'shopu munalowa bambo wamtali, wovala chovala chonyezimira cha ogwira ntchito pamsewu. Anawerama pang'ono podutsa pakhomo. Anapereka moni mwaulemu, n'kuika pakauntala kathumba kansalu.

Wamalenzi anakadziwa kathumbako asanakakhudze.

"Pepani achimwene," anatero mlendoyo, "kodi madala aja alipo?"

"Madala ati?"

Bamboyo anafotokoza mosangalala, ngati munthu amene nkhani yake imamukomera. Anati ndi injiniya wa milatho, ndipo lenziyo ndi ya mtsikana amene akufuna kumanga naye banja. Mtsikanayo anamuuza kuti anaigula kwa madala ena a m'kashopu ka makamera, okalamba ndithu, olongolola, manja onjenjemera, omvetsa chisoni. Dzina la shopu analiona pakathumbapo. Mwezi wamawa akupita naye kumapiri, ndipo kumeneko akamuveka mphete. Ankafuna kumugulira lenzi ina yokoka kutali kuposa iyi, mwachinsinsi, ndipo iyi anaibweretsa kuti inayo ikhale yolowa pakamera yomweyo.

Achemwali anasiya kupukuta galasi la kauntala. Anatsegula pakamwa, koma mchimwene wawoyo anawayang'ana kamodzi, iwo n'kutseka.

"Madala atuluka," anatero Wamalenzi. "Koma ntchito yawo ndimaidziwa."

Anamasula kathumba. Lenziyo inali itaperepeseka pamkombero, chizindikiro choti yayenda ndipo yagwiridwa ndi manja ambiri kuposa awiri. Anafunsa, ndi mawu a wogulitsa wofuna kuthandiza, ngati bamboyo amatha kugwiritsa ntchito malenzi ozunguza ndi dzanja.

"Anandiphunzitsa iye mwini," anaseka injiniyayo. "Zigongono kunthiti, kugwira mpweya, kenako kudina. Masabata awiri okha ndinali nditadziwa."

Masabata awiri. Ngakhale pamenepo bamboyo anali wachangu.

Injiniyayo anatulutsa foni kuti aonetse luso lake. Kambalame pamlatho. Kambalame akumwa tiyi m'galimoto. Kambalame atatsamira mtengo, atavala juzi imene Wamalenzi anamugulira. Pamlatho paja panali zithunzi zisanu ndi chimodzi, ndipo chimene Wamalenzi analandira sichinali chokongola kwambiri. Chokongola kwambiri chinali chimene mtsikanayo ankaponyera wojambulayo kisi.

Ndiye kuti funso lija Wamalenzi analipeza bwino, mayankho onse olondola, msinkhu ndi zonse. Akanakhala mayeso akanakhoza. N'chifukwa chiyani kukhoza kunkawawa chonchi?

Anatsegula kabati n'kutulutsa malenzi awiri amene anatsala tsiku lija. Ya 200 inali yoyenera, iye ankadziwa. Inali yoyera m'kati, yopepuka, yoti mtsikana woyenda tsiku lonse sangatope nayo. Dzanja lake linaigwira, n'kuima.

"Kumapiriko, katundu adzanyamula ndani?"

"Ine," anayankha injiniyayo akudziguguda pachifuwa. "Chikwama chake chonse ndimanyamula ine. Sindilola kuti atope."

Wamalenzi anabweza ya 200 m'kabati. Anakankhira kutsogolo ya 300, chitsulo chachitali ngati mpope, n'kuwonjezera chikwama chake chachikopa chokhuthala ndi miyendo itatu yachitsulo yoimikirapo, poti lenzi yotere, anatero, sifuna kugwedezeka. Anailumikiza pakamera ya m'shopu kuti bamboyo aone. Injiniyayo analoza tsidya la msewu, anaona njiwa ili padenga ngati ili pamphuno pake, n'kuvomera nthawi yomweyo.

Ataunyamula mtolowo, phewa lake linatsika mbali imodzi.

"Ikulemera ndithu," anatero.

"Zakale zabwino zimatero, bwana. Mukamupatsa, mumuuze kuti madala aja asankha okha, ndipo akuti mafuno abwino."

Bamboyo anathokoza kwambiri, anawerama pakhomo, n'kupita.

Achemwali anayamba kunena kuti mtsikana wotere ndi wosafunika kumulirira, kuti Mulungu wamuonetsa msanga, koma ataona nkhope ya mchimwene wawo anasiyira pakati. Anapita kuseri kukatereka madzi a tiyi, ngakhale inali nthawi yotentha.

Wamalenzi anakhala patebulo lake. Panali lenzi ya kasitomala wina, yomasula, yodikira timisomali tinayi tomangira. Asanatole koyamba, foni inalira.

"Diso langa, ndafika m'tauni. Ndakusowa mpaka kudwala. Ndibwere mawa?"

Anauwerenga uthengawo katatu. Analemba mawu ambiri, aukali, ofunsa, ochonderera, n'kufufuta onse. Pomaliza anatumiza mzere umodzi.

"Usavutike. Madala akalamba, sakulandiranso alendo."

Foni inayamba kulira, kuleka, kuliranso. Iye anaitembenuza chafufumimba, n'kutola kamsomali koyamba ndi kachitsulo kake kopanira. Kanagwa. Anakatolanso, kanagwanso, n'kugubudukira pansi pa kabati.

Achemwali atabwera ndi tiyi anamupeza atangokhala, akuyang'ana manja ake. Ankanjenjemeradi.