Nkhunda ya M'galasi

Tsiku limene mwamuna wina woweta nkhunda analowa mu situdiyo yojambulira zithunzi atanyamula bokosi lobowolabowola, mtsikana woyendetsa leza, makina ojambula ndi kuwala, anasuzumiramo n'kuphulika kuseka.

"Bambo, kuno timajambula zikho ndi ziboliboli, osati ndiwo!"

"Ndiwo? Asisi, iyitu yapambana mipikisano itatu! Ndikufuna muijambule ikuuluka."

Mtima wa mtsikanayo unadumpha. Kwa zaka ziwiri ankapanga mahologalamu, zithunzi za pagalasi zooneka ngati ungazigwire, koma chamoyo anali asanajambulepo. Komatu leza yawo imang'anima kamodzi, mwachangu kuposa mphezi, moti ngakhale phiko limaoneka litaima.

Anazimitsa magetsi, n'kusiya kanyali kobiriwira. Anaimika galasi, onse n'kuvala magalasi oteteza maso.

"Ndikati tsopano, muitaye m'mwamba. Tsopano!"

Ng'ani! Chipinda chinafiira. Nkhunda inazungulira n'kukamutera pamutu mtsikanayo.

"Yasankha bwino," anatero wankhunda.

Atatsuka galasi m'mankhwala n'kuliunika, nkhunda ija inali pomwepo, mapiko tambasu, nthenga iliyonse kuoneka payokha. Anakuwa onse awiri, n'kupezeka akumbatirana!

Galasi loyambalo silichoka mu situdiyo. Mwini chithunzi amadikira lachiwiri lojambulidwa kuchokera pa ilo. Masabata atatu odikirawo, foni ya mtsikanayo sinkapuma ndi mauthenga a wankhunda.

"Kuwala kwanga, wadya?"

"Nkhunda ikakonda sisintha chisa. Ine ndi iwe mpaka imvi."

Ndani sakanakhulupirira? Mtsikana anauza akulu ake, nawo anayamba kale kumuseka kuti asokeretu diresi la ukwati.

Lachisanu m'mawa kunabwera uthenga: "Wapamtima, ndatanganidwa. Ndatuma mlongo wanga adzatenge chithunzi. Usatalikitse nkhani naye, ndi wamanyazi."

Mlamu! Anapukuta galasi kawiri, anadzola milomo, anagula ndi chakumwa chozizira.

Masana kunalowa mayi woyembekezera, lisiti lili m'manja, akupuma mwawefuwefu chifukwa cha masitepe.

"Alamu anga! Takulandirani, khalani apa!"

Mayiyo anamwetulira modabwa. "Alamu? Kani ndinu achibale a amuna anga? Sanandiuzetu! Akuti chithunzichi tikapachike kuchipinda, mwana akabadwa azichiona."

Chipinda chinazungulira. Mtsikanayo akuwe? Amuonetse mauthenga? Anayang'ana mimba ija, ndi mapazi otupa aja.

Anakulunga galasi bwinobwino, n'kumutsitsa mayiyo masitepe pang'onopang'ono.

"Ndikawauze kuti wapereka moni ndani?" anafunsa mayiyo pakhomo.

"Mukangowauza kuti mlongo wawo ndamuona."