Hiruni Aimba pa Phwando la Ligaya

Hiruni ankakhala mumzinda wa Colombo. Anali ndi chibwibwi. Akamalankhula, mawu ankamukakamira pakhosi. Ana ena ankamuseka. Choncho Hiruni ankangokhala chete. Koma ankafunitsitsa kuti anthu amve mawu ake.

Mnzake wapamtima anali Ligaya. Ligaya ankakhala m'nyumba ya pamwamba. Makolo ake anachokera ku Philippines.

"Lamlungu ndi tsiku langa lobadwa," anatero Ligaya. "Ubwere, wamva?"

Hiruni anangogwedeza mutu.

Lamlungu linafika. Hiruni anakwera masitepe ndi amayi ake ndi abambo ake. Amayi a Ligaya, a Tita Divina, anatsegula chitseko.

"Lowani, lowani! Mudye kaye!"

Patebulo panali nkhuku ya adobo, yowawasa pang'ono. Panalinso pansit, chakudya chachitali ngati zingwe. Hiruni analawa. Analawanso. Anamaliza mbale yonse.

"Tsabola aiwala kodi?" ananong'ona abambo ake.

"Inu, tangodyani," anatero amayi ake.

Kenako a Tita Divina anayatsa makina oimbira a karaoke. Mawu a nyimbo anaoneka pa TV.

"Kuno aliyense amaimba," iwo anatero. "Wodziwa kuimba amaimba. Wosadziwa amaimbanso!"

A Tita Divina anaimba. Ligaya anaimba. Abambo a Hiruni anaimbanso. Anaimba ngati khwangwala! Galu wa panja anayamba kuuwa. Onse anaseka. Abambo nawonso anaseka. Onse anawomba m'manja.

Kenako maikolofoni inafika kwa Hiruni.

Hiruni anailandira.

"I-i-ine si-si-sindi..." Mawu anakakamira.

Palibe amene anaseka. Ligaya anamugwira dzanja.

"Tiimbe awiri," anatero Ligaya. "Nyimbo ya kusukulu ija."

Nyimbo inayamba. Ligaya anaimba mokweza. Hiruni anaimba motsitsa. Mawu oyamba anatuluka. Mawu achiwiri anatuluka. Sanakakamire!

Hiruni anakweza mawu. Ligaya anasiya kuimba mwakachetechete. Hiruni sanazindikire. Anaimba yekha. Mawu ankangoyenda ngati madzi. Anaimba mpaka nyimbo inatha.

Onse anaimirira. Anawomba m'manja. A Tita Divina anamenya supuni pa poto.

Amayi a Hiruni anali atagwira pakamwa. Misozi inali mbwembwembwe.

"A-a-amma, mu-mukulira?" anafunsa Hiruni.

"Ndikusangalala, mwana wanga," anatero amayi ake.

Kenako a Tita Divina anabweretsa keke. Inali keke yapepo, yayikulu. Hiruni ankafuna chidutswa chachikulu.

"Ti-ti-ti..." Mawu anakakamiranso.

Hiruni anaganiza. Anayang'ana maikolofoni m'dzanja lake. Anainyamula, n'kuimba.

"Titaaa, ndipatseni chachikuluuu!"

A Tita Divina anatenga mpeni. Nawonso anayankha moimba.

"Bweretsa mbaleyo, mwana iweee!"

Onse anaseka mpaka kugwira pamimba. Hiruni anaseka kuposa onse.

Hiruni anakhala pamiyendo pa amayi ake. Dzanja lina linagwira keke. Dzanja lina linagwira maikolofoni.

"Mwana wanga, ndibwereke pang'ono," anatero abambo ake. "Ndiimbeko kamodzi kokha."

Hiruni anapukusa mutu. Anameza keke. Kenako anaimba.

"Dikirani kayeee!"

Ndipo abambo anakhala pansi, n'kudikira.